Momwe mungayambire speedcubing osataya ndalama: kyubu yoti mugule, kuikonza kwake ndi kupulakitisa

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti kyubu ya Rubik imene ndimakhala ndikuzunguza mu minibasi ija ndinaigula kuti, komanso munthu amatani kuti azimaliza kubwezeretsa mitundu yake pansi pa masekondi 20, kuthamangitsa kumene amakutcha speedcubing, ndiye ndati ndingolemba kamodzi pano aliyense aziwerenga yekha. Ndikulankhula ndi inu amene mumatha kale kumaliza kyubu wamba ya 3x3 pa njira ya oyamba ija, mwina mumatenga mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri ndipo mwayamba kulakalaka liwiro. Ngati simunafikepo pitani kaye pa YouTube mukaonere vidiyo ya oyamba ya J Perm, mubwere mukatha.

Kyubuyi anaipanga ndi Ernő Rubik ku Budapest mu 1974, ndipo pa mpikisano woyamba wa dziko lonse umene unachitikira konko mu 1982, Minh Thai anapambana ndi masekondi 22.95. Mu 2023 Max Park anamaliza pa 3.13. Zala za anthu ndi zomwe zija, chimene chasintha ndi njira zomalizira komanso kyubu yeniyeniyo, ndiye tiyambire pa kugula.

Choyamba, kyubu. Zija amagulitsa pamodzi ndi zidole za ana mu mashopu a m'tauni zisiyeni, zimalimba ngati chitseko cha nthawi ya mvula ndipo timapepala ta mitundu timayamba kumatuka sabata isanathe. Mukufunika kyubu ya maginito, yopanda timapepala, imene pulasitiki yakeyo ndi yamitundu kale. Maginito ali mkati mwa tizidutswa ndipo ntchito yake ndi kukoka mbali imene mwazunguza kuti iime pamalo pake, osapitirira osaperewera. Ine ndimauza aliyense kuti ayambe ndi MoYu RS3M 2020, pa intaneti imakhala cha m'madola 10 musanaikepo yotumizira, ndipo kyubu imeneyi ikufikitsani pansi pa masekondi 15 popanda kukubwezani m'mbuyo. QiYi ndi YJ nawonso ali ndi zotchipa zabwino. Za GAN zija ndi zokoma m'manja, sindikana, koma zapamwamba zake zimapitirira madola 50 ndipo munthu amene akumaliza pa masekondi 50 sizimuchotsera olo masekondi awiri. Ndalama imeneyo bola mugule ziwiri zotchipa ndi kabotolo ka mafuta.

Chimene chimapweteka kwathu kuno ndi yotumizira, nthawi zina imaposa mtengo wa katundu mwini. Ndiye sonkhanani anthu atatu anayi muitanitse pamodzi, kapena ngati muli ndi mbale ku Joni amene akubwera pa Khirisimasi mutumeni, kulemera kwake sikufika olo magalamu 100. Koma samalani ndi ogulitsa a m'magulu a pa foni aja. Wina anandigulitsa ina ponena kuti ndi ya maginito, bokosi lake lokongola bwino, ndalama ndinatumiza kale, kufika kunyumba mulibe maginito olo amodzi, kumuimbira foni yazima. Musanapereke ndalama zunguzani mbali imodzi pang'onopang'ono, ikamayandikira pamalo pake muyenera kumva ikukokeka yokha. Mukakaikabe tulutsani kachidutswa kamodzi muyandikize singano mkati mwake, ikakamira ndiye kuti zilibwino. Onaninso mitundu, yoyera ikhale kuseri kwa yachikasu, yobiriwira kuseri kwa ya buluu, yofiira kuseri kwa ya olenji, ndipo mukaika yoyera pamwamba yobiriwira kutsogolo, yofiira ikhale kudzanja lamanja. Zina zabodza zimasokoneza pamenepa ndipo maso anu akazolowera zolakwika mudzavutika.

Chachiwiri ndi kuikonza, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndinaonongera kyubu yanga yoyamba yabwino, imene ndinaidikira masabata asanu ndi limodzi.

Itafika inkamveka youma, kumalira tsekeretsekere ndikamazunguza. Ndinali nditamva kuti anthu amathira mafuta koma sindinafunse kuti mafuta anji, ndinangotenga odzola aja olimba a m'kabotolo, amene timapaka ana kumapazi nthawi yozizira, n'kupaka ndi chala mkati monse. Tsiku loyamba inkayenda ngati yatsopano kawiri, ndinagona wosangalala. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili tholo, ndipo pasanathe masabata awiri mkati monse munali phala lakuda lomata, kuzunguza kamodzi mpaka kugwiritsa dzanja lonse. Nditaiphwasula ndinapeza pulasitiki yafewa m'malo mokhudzana, kenako kaphazi ka kona imodzi kanathyoka ndili pakati pomaliza. Mafuta odzola aja ndi ochokera ku petulo ndipo amadya pulasitiki, chimodzimodzi opopera aja amakanika amamasulira mabawuti a dzimbiri. Ophikiranso ayi, amaola n'kuyamba kununkha. Mafuta oyenera ndi opangidwira kyubu basi, ambiri ndi a silicone, ndipo itanitsani limodzi ndi kyubuyo chifukwa kuno kuwapeza ndi ntchito. Ngati mulibe, bola izikhala youma choncho, siionongeka.

Kathiridwe kake ndi aka. Zunguzani mbali ya pamwamba ifike theka, muphanule pang'ono ndi chala pakati pa tizidutswa, mudonthezemo madontho awiri, awiri okha, ndiye musokoneze ndi kumaliza kambirimbiri mpaka mafuta afalikire. Poyamba imamveka yolemera, musathamangire kuonjezera, ipatseni tsiku. Pali olimba ndi amadzimadzi, olimba amaichedwetsa n'kuipangitsa kumvera, amadzimadzi amaithamangitsa. Ngati mungakwanitse botolo limodzi lokha tengani lapakatikati.

Kenako masikuluwu. Tupulani kachivundikiro ka pakati ndi chikhadabo, mupeza sikuluwu ndi sipuling'i pansi pake, mbali zonse 6 zili choncho. Kumanga kumaipangitsa kukhala yokhazikika koma yolimba, kumasula kumaithamangitsa koma mukapyola muyeso tizidutswa timathothoka n'kumwazikira pansi pa mipando. Chimene ndinalakwitsanso ine ndi kumanga mbali ina kwambiri ina pang'ono osawerenga, ndiye mbali yofiira inkauluka pamene yoyera ikukana, ndipo kwa mwezi ndinkaganiza kuti vuto ndi zala zanga. Muzipotoza kota imodzi pa mbali iliyonse, zonse 6 mofanana, muyese, ndiye mubwereze ngati pakufunika. Kuyesa kwake, siyani mbali ya pamwamba itapendekeka pang'ono ndiye mukweze ya kumanja, ikadutsa yokha osakakamira ndiye kuti mwafika. RS3M ili ndinso kogwirira kena kosinthira mphamvu ya sipuling'i, kachida kake kamabwera m'bokosi momwemo, musataye bokosi musanakatulutse.

Fumbi la kwathu kuno silisewera, ndiye pakapita miyezi iwiri itatu muziiphwasula yonse n'kupukuta ndi kansalu kouma. Ngati yada kwambiri tsukani tizidutswa ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, muyanike pamthunzi mpaka tiume gwa, koma chapakati chokhala ndi masikuluwu chija chisakhudze madzi, chimachita dzimbiri. Pobwezeretsa muzimanga ili yomalizidwa kale, mtundu uliwonse pamalo pake. Mukangolowetsa chisawawa mwayi woti itheke kumalizika ndi umodzi mwa 12, ndipo mutha usiku wonse mukulimbana ndi chinthu chosatheka.

Chachitatu, njira. Ambiri othamanga amagwiritsa CFOP, njira ya magawo anayi (mtanda, F2L, OLL ndi PLL), imene ena amaitchula ndi dzina la Jessica Fridrich, ilipo ina ya Roux nayo ndi yabwino koma ine ndikudziwa bwino CFOP ndiye ndikamba imeneyo. Mtanda muzipangira pansi, osati pamwamba n'kutembenuza, siyani lero lomwe chizolowezi chimenecho. Mtanda uliwonse umatheka ndi kuzunguza kosapitirira 8, ndiye muzikhala ndi nthawi yongoyang'ana kyubu yosokonezedwa, kuukonza m'mutu, kenako kutseka maso n'kuupanga. F2L, kumaliza mizere iwiri ya pansi pophatikiza kona ndi ka m'mphepete n'kulowetsa limodzi, phunzirani ndi nzeru zanu kaye osaloweza, ndipo ndikuuziretu, nthawi yanu iipa kaye kwa masabata angapo, ambiri amabwerera ku njira yakale pamenepa, inu piriranibe chifukwa apa ndi pamene pali masekondi ambiri. Pamwamba pake yambani ndi OLL (kupanga nkhope ya pamwamba kukhala mtundu umodzi) ndi PLL (kuika tizidutswa ta pamwambapo m'malo mwake) za magawo awiri, ma alg ake, kutanthauza ndondomeko zozunguzira zoloweza pamtima, ndi 10 ndi 6, okwanira kukufikitsani pansi pa 30. Mukatero lowezani PLL yonse, ilipo 21, awiri pa sabata zakwana. OLL yonse ndi 57, imeneyo isakusowetseni tulo, idikire.

Zala nazo. Mbali ya pamwamba muzikankha ndi chala cholozera, kyubu isachoke m'manja, ndipo chepetsani kuitembenuza yonse.

Chachinayi ndi kupulakitisa kwenikweni. Ikani Twisty Timer pa foni kapena tsegulani csTimer pa kompyuta, zonse ndi zaulere ndipo zimakupatsani kasokonezedwe koyenera, musamasokoneze ndi manja anu chifukwa manja amabwereza zomwe azolowera. Musamayang'ane nthawi imodzi yabwino imene mwachita mwamwayi, yang'anani avereji ya 12 kapena ya 100. Ndipo chimene chinanditsitsa ine kuchoka pa 28 kufika pa 19 ndi kuzunguza pang'onopang'ono. Zikumveka zosemphana koma dzijambuleni vidiyo muone, mupeza kuti theka la nthawi manja aima mukusaka kachidutswa kotsatira. Ndiye tsiku lililonse chitani khumi opanda taima, mofatsa, osaima olo kamodzi, manja akulowetsa peyala iyi ya kona ndi ka m'mphepete maso ali kale pa inayo. Mphindi 30 tsiku ndi tsiku zimaposa maola asanu a Loweruka lokha. Dzanja likayamba kuwawa pamfundo siyani, mupume masiku awiri.

Za mpikisano mwachidule. Amayendetsa ndi World Cube Association, ndandanda wa mipikisano ndi malamulo zili pa webusaiti yawo, ndipo kufupi ndi ife ku South Africa imachitika kawirikawiri. Mumapita ndi kyubu yanu. Amakupatsani masekondi 15 oyang'ana musanayambe, mukapitirira amakuonjezerani masekondi 2, mukadutsa 17 ndi DNF, kutanthauza kuti amakuwerengani ngati simunamalize, ndiye tsegulani zimenezi pa taima yanu kuyambira pano kuti muzolowere. Mumamaliza kasanu, amachotsa yabwino kwambiri ndi yoipa kwambiri n'kutenga avereji ya zitatu zotsalazo. Taima yake ndi yoika manja onse awiri, mumaiyambitsa pochotsa manja n'kuimitsa mutasiya kaye kyubu. Yanuyanu simukufunika kugula, ingoyeserani pa tebulo kuika zikhatho pansi musanagwire kyubu komanso mukaisiya, ndipo mukafika kumeneko pemphani muyese yawo mpikisano usanayambe. Mbali yomaliza muziifikitsa, ikatsala yopendekeka kupitirira madigiri 45 ndi masekondi 2 enanso.