Kalesitilanti kanu kakudya ndalama? Yambani ndi makala, majumbo ndi zotsala

Anthu akamva zoti bizinesi yosamala chilengedwe amangoti ndi za makampani akuluakulu aku Blantyre, koma ayi ndithu, ngakhale inu ogulitsa nsima ndi tchipisi ku Chikanda kapena ku Mpondabwino kuno ku Zomba nkhaniyi ndi yanu, ndipo ndi nkhani ya ndalama basi.

Choyamba gulani kope, mulembe kwa sabata imodzi ndalama zomwe zikupita ku makala, majumbo ndi madzi. Osawerengera m'mutu, lembani. Ine nditalemba ndinachita kugwira pakamwa, makala ndi amene ankandidyera phindu.

Ndiye yambani pomwepo. Makala ambiri obwera panjinga m'bandakucha aja ndi opanda chilolezo, ndipo lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, a Forestry akangogwira anthu pamsewu thumba limakwera mtengo tsiku lomwelo, inu nkumalira. Pezani chitetezo mbaula yadothi ija, imayaka ndi tinkhuni tochepa ngakhale zitsononkho, muziphikirapo zochedwa kupsa. Nyemba ziviikeni usiku, m'mawa zipsa msanga. Mapoto vundikirani, zikuoneka zazing'ono koma yesani muone. Mukapeza kangachepe gulani kasilinda ka gasi ka tiyi ndi mazira, kasitomala wam'mawa sadikira kuti moto ukolele.

Kenako majumbo. Opyapyala aja, osakwana ma micron 60, boma linawaletsa mu 2015 ndipo khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, nde musamadalire chinthu choti tsiku lina a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, atha kukulandani. Auzeni makasitomala anu a tsiku ndi tsiku, makamaka ana a ku Chanco, kuti wobwera ndi kontena yake mumuikira kabasela ka ndiwo. Amauzana okha amenewo, simufunikanso kulengeza.

Zotsala musataye mu ngalande chonde. Mvula ikagwa zonsezo zimakathera mu mtsinje wa Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa, komwe kumachokera matemba omwe mukuwotchawo. Ikani ndowa ziwiri kuseri, ina ya makoko a mbatata ndi masamba, ina ya nsima yotsala. Ya nsimayo woweta nkhumba azidzatenga, ya makokoyo apatseni mayi amene amakubweretserani mpiru kuchokera kudimba akapangire manyowa, mudzaona akuyamba kukusankhirani wabwino komanso kukukongozani tsiku lomwe zavuta.

Madzi athu ochokera ku damu la Mulunguzi kuphiri kuja ndi okoma inde koma bilu yake siikoma, mpopi ukamadontha itanani pulambala lero lomwe, mbale muzitsukira m'beseni.

Chomaliza, mtsikana wotsuka mbale ndi mnyamata wapachiwaya muziwalipira pa tsiku lomwe munagwirizana. Amene amadziwa kuti mafuta ndi makala zikuthera pati ndi iwowo, ndipo munthu amene sanalandire miyezi iwiri sangakuuzeni. Loweruka mukatseka khalani nawo pansi, mutsegule kope lija muwerengere limodzi.