Momwe mungagulire zopangira zakumwa zanu popanda kufinya mlimi

Botolo la juwisi wa malambe likamafika mu furiji ya golosale ku Limbe kapena ku Area 25, limakhala litadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Wina anatola malambewo ku Neno kapena ku Mangochi, wina anaswa zigoba n'kusefa ufa, wina anadula nzimbe ku Nchalo, winanso anagwetsa mtengo umene unawiritsa madziwo. Mwa anthu onsewa, mwini kampani nthawi zambiri amadziwa mmodzi yekha: venda amene amatsitsa matumba pageti. Malangizo awa ndi a inu amene mumapanga zakumwa zogulitsa, kaya malambe, bwemba, thobwa, maheu kapena juwisi wa mango, ndipo mukufuna kuti bizinesi yanu ikule popanda wina kulira kumudzi.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya makampani a kunja okha. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake ponena kuti pali umboni wa kugwiritsa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa, ndipo kampani iliyonse inayenera kudziyeretsa payokha. Pa zakumwa, mu 2013 kampani ya Coca-Cola, itapanikizidwa ndi bungwe la Oxfam, inalonjeza kuti sidzalekerera kulanda malo a anthu pakati pa amene amaigulitsa shuga. Tsiku limene supamaketi yaikulu kapena wogula wa kunja adzakufunseni kumene ufa wanu umachokera, yankho loti "timagula kwa mavenda" silidzakwanira.

Choyamba, tsatirani thumba lililonse mpaka kumudzi

Tengani kope mulembe chilichonse cholowa mu chakumwa chanu: chipatso, chimanga, mapira, mawere a chimera, shuga, madzi, mabotolo, nkhuni. Pambali pa chilichonse lembani amene amakugulitsani, kenako amene iyeyo amagulako, mpaka mufike pa dzina la mudzi kapena msika. Venda akayamba kuzungulira pofunsidwa kumene amagula, kawirikawiri akubisa mtengo umene amapereka.

Mukatero muona kuti mphamvu zanu sizofanana paliponse. Shuga wambiri m'dziko muno amachokera ku Illovo, ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo nzimbe zina zimalimidwa ndi alimi a m'magulu monga Kasinthula ndi Phata ku Chikwawa. Inu wogula matumba ochepa pamwezi simungasinthe zochitika kumeneko. Ingogulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kusunga malisiti. Koma mayi wotola malambe ku Zalewa amakumvani mwachindunji, chifukwa mtengo mwanenawo ndi umene ugule sopo wa sabata imeneyo. Ikani mtima pamenepo.

Chachiwiri, konzani sikelo ndi mtengo

Ngati mungachite chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, chitani ichi. Kuba kwambiri kumene kumachitikira mlimi sikumveka phokoso, kumachitika pasikelo. Sikelo yopachika pamtengo imene aikhotetsa mkati, ndowa imene aiponda pansi kuti ikule, lamulo loti ndowa idzaze mpaka kusefukira, thumba la makilogalamu 50 limene limalemera kuposa pamenepo koma n'kulipiridwa ngati 50. Mlimi amadziwa kuti akuberedwa, koma mwana akudwala ndipo wogula wina kulibe.

Gulani sikelo yanuyanu ya manambala, muipititse ku Malawi Bureau of Standards (MBS) akaiyese ndi kuidinda, ndipo aliyense wogula m'dzina lanu agwiritse ntchito imeneyo. Nambala iyang'ane kwa wogulitsa. Muloleni aitane mwana wake wa sukulu kapena mnzake kuti awerenge. Siyani kugula ndi ndowa, gulani pa kilogalamu.

Za mtengo, Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira ya mbewu monga chimanga nyengo yokolola ikayandikira. Umenewo ndi mtengo wapansi, si wachilungamo ayi, choncho musatsike kuposa pamenepo. Pa chinthu chimene simuchipeza pa mndandandawo, khalani pansi ndi otola muwerengere limodzi: zimatenga masiku angati kudzaza thumba, kuswa, kuchotsa ulusi ndi kunyamula mpaka pamsewu? Ndalama imene akulandira muigawe ndi masikuwo. Ikachepera malipiro otsikitsitsa a patsiku amene boma linakhazikitsa, ndiye kuti phindu lanu mukulidya pamsana pa wina.

Pali chizolowezi china chimene ena amachitcha nzeru za bizinesi: kupita kumudzi mu Januwale kapena Febuluwale, njala ili pachimake, n'kugula mbewu ikadali kumunda pa mtengo wotsika umene wanjala sangaukane. Ine ndimati kumeneko ndi katapila wovala jekete. Ngati mukufuna kuthandiza, perekani ndalama yoyambira, koma mtengo mudzagwirizane pokolola ndipo mudzangochotsa imene munaperekayo.

Lipirani tsiku lomwelo. Airtel Money ndi TNM Mpamba zathandiza pano chifukwa zimasiya umboni, komanso mungathe kutumiza kwa amene wagwira ntchitoyo. Funsani kuti nambalayo ndi ya ndani. Nthawi zambiri wotola ndi wosenza ndi mayi, koma foni ili m'thumba la bambo.

Chachitatu, lembani mgwirizano m'chilankhulo chawo

Tsamba limodzi likukwana, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chisena malinga ndi dera, ndipo liwerengedwe mokweza pamaso pa gulu. Linene kuchuluka kwa katundu, mtengo, tsiku lolipira, ndi zifukwa zimene mungakanire katundu. Kugwira ndi kalabu kapena kopaletivi n'kosavuta kuposa kuthamangitsana ndi aliyense payekha, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'deralo akhoza kukulozerani magulu amene alipo kale.

Mfundo yokana katundu ndiyo imabala mikangano. Muli ndi chifukwa chomveka chokanira chimanga chachuku: nkhungu imene imamera pa mbewu zosauma bwino imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa thobwa sikumuthetsa. Koma kanirani kumudzi komweko, mlimi asanalipire galimoto. Kumuuza pageti la fakitale kuti katundu wake ndi woipa, kenako n'kumugula pa theka la mtengo, ndi umbava wamba. Kugawa malona oyanikira kumayambiriro kwa nyengo kumakutsikirani mtengo kuposa kutaya mabotolo a tsiku lonse.

Nawonso alimi adzakukhumudwitsani. Venda akabwera ndi ndalama m'manja, ena adzagulitsa katundu amene munapangana. Musathamangire kupolisi. Yang'anani kaye ngati simunachedwe kulipira ulendo wapitawo.

Chachinayi, kaoneni nokha amene akugwira ntchitoyo

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo, thanzi kapena maphunziro ake pangozi. Mwana wothandiza amayi ake kusankha malambe Loweruka masana sanalakwire lamulo. Koma mnyamata wokwera mlambe pazikhomo zokhomedwa mu thunthu, nthawi imene anzake ali m'kalasi, kuti thumba lanu lidzaze, ameneyo ndi nkhani yanu.

Simungazione izi mutakhala mu ofesi. Pitani osalengeza, m'mawa wa tsiku la sukulu, ndipo musathere kwa amfumu ndi wapampando wa kalabu okha. Mukapeza ana akugwira, musafulumire kuthetsa mgwirizano, chifukwa banjalo lidzangogulitsa kwa wina wosafunsa mafunso. Funsani chimene chachititsa. Kawirikawiri mupeza kuti munapempha katundu wambiri m'masiku ochepa, kapena mtengo ndi wochepa moti banja silingalipire waganyu wamkulu. Zonse ziwirizi mungazikonze inuyo. Zikapitirira, dziwitsani ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Amayi nawo ali ndi vuto limene salinena pamsonkhano. Pamene mwamuna mmodzi ali ndi mphamvu yonena kuti katundu wa uyu walowa, wa uyu ayi, pamakhala mpata wofuna thupi la mkazi kuti thumba lidutse. Ku minda ya tiyi nkhaniyi inafika mpaka ku makhoti a ku Britain: mu 2021 kampani ya Camellia inathetsa mwa mgwirizano mlandu umene amayi ogwira ntchito m'minda ya kampani yake ya kuno anadandaula za nkhanza zotere, ngakhale sinavomere kulakwa. Inu perekani nambala yodandaulirako yosadzera kwa kapitawo kapena wogula wanu, ndipo woyankha akhale mkazi.

Chachisanu, mitengo, nkhuni ndi madzi

Mlambe umatenga zaka zambiri kuti uyambe kubala, choncho gulani zipatso zokhwima zokha ndipo kanani zothothola pothyola nthambi. Ngati mumawiritsa ndi nkhuni kapena makala, funsani chilolezo cha wogulitsa, pakuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Mjigo wa fakitale umafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Madzi otsukira mabotolo ndi migolo asapite mumtsinje osasefedwa. Anthu a ku Blantyre akudziwa mmene mtsinje wa Mudi umanunkhira m'chilimwe.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani umboni ndipo lebulo isaname

Katundu aliyense akafika, mupatseni nambala, mulembe mudzi, tsiku, kulemera ndi ndalama imene yaperekedwa. Nambala yomweyo ilumikizane ndi ya pabotolo. Wina akadwala kapena a MBS akabwera, mudzadziwa thumba limene layambitsa vuto m'malo motaya zonse.

Palebulo lembani zokhazo mungazitsimikize. Chizindikiro cha malonda achilungamo cha Fairtrade, chimene magulu ngati Sukambizi ya alimi a tiyi ku Mulanje ali nacho, chimaperekedwa pambuyo pa kuyenderedwa ndi ofufuza ndipo chimafuna ndalama, choncho musachijambule pa kompyuta n'kuchimata. Kampani yaing'ono ikhoza kungolemba kuti malambe ake ndi a m'boma lakuti, ogulidwa ku kalabu ya amayi pa kilogalamu. Dzina la gululo kapena chithunzi cha mlimi chikwere pabotolo pokhapokha eni akewo atavomera molemba, ndipo nyengo ikatha bwererani kumudziko ndi kope lanu mukawerengere limodzi makilogalamu ndi ndalama musanakambirane mtengo wa chaka chamawa.