Musathamangire kugula lenzi ina: momwe mungajambulire bwino ndi ka 18-55 kanuko

Pafupifupi wikendi iliyonse ndikakhala ku Senga Bay kamera ili pakhosi pamapezeka wina wondiimitsa, "akulu, lenzi yabwino ndi iti, zithunzi zanga sizikutuluka bwino." Ndikayang'ana kamera yake ndimapeza ndi ka 18-55mm kaja kamabwera limodzi ndi Canon kapena Nikon ukamagula. Ineyo ndinajambula ndi komweko zaka ziwiri zathunthu, maukwati, ma graduation, ndipo zithunzi zomwe zinaonongeka ndinaziononga ndine, kalenzi kanalibe mlandu.

Choyamba chokani pa Auto. Tembenuzani kagudumu kapamwambako kafike pa Av ngati ndi Canon, pa Nikon ndi A. Apa inu mumasankha kukula kwa bowo lolowera kuwala, zinazo kamera imadziwerengera yokha. Nambala ya f ikakhala yaing'ono ndiye kuti bowo ndi lalikulu, zimasokoneza poyamba koma muzolowera. Kalenzi aka pa 18mm kamatseguka mpaka f/3.5, mukazuma kufika pa 55mm kamathera pa f/5.6 basi. Gulu la anthu kapena nyanja ndi mabwato ikani f/8, mpomwe kamajambula chakuthwa. Munthu mmodzi, zumani mpaka 55, ikani f/5.6, inuyo bwererani m'mbuyo pang'ono ndipo munthuyo asatsamire khoma, aime patali ndi zakumbuyo kwake, muona kumbuyoko kukuchita mbuu ngati za ma lenzi odula zija. Koma chonde osajambula nkhope pafupi muli pa 18mm, mphuno imatuluka ngati mbatata, mwini wake sakulipirani.

Kenako nkhani ya dzuwa, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpamene ndinachitira manyazi. Kuno ku Salima nyanja ili kum'mawa, ku Nkhotakota chimodzimodzi, ndiye kuti dzuwa limatulukira m'madzi. Kum'mawa likamatuluka, asodzi akukocheza ndi usipa amayi ali ndi mabeseni m'mphepete, chithunzi chimakongola koma anthu amatuluka bii ngati zithunzithunzi, zomwe ndi zabwino ngati ndi zomwe mukufunazo. Ngati mukufuna nkhope zioneke nyanja ili kumbuyo kwawo, dikirani cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa limakhala lili kumsana kwanu likuwala pankhope pawo mofewa.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Msuweni wanga atachita chinkhoswe anati tikajambulitse kunyanja tisanapite ku holo, nthawi ili cha m'ma 10 m'mawa, mwezi wa October, mchenga ukuchita kuthobwa m'maso madzi akunyezimira. Ndinawandandalika bwinobwino onse atavala chitenje chofanana, ndinajambula mwina zithunzi 80, pa sikirini sindinkaona kanthu chifukwa cha dzuwa koma mumtima ndimati zili bho. Kufika kunyumba usiku kuika mu laputopu, mayo ine. Nyanja yokongola, mitambo yokongola, chilumba cha Namalenje chikuoneka bwinobwino kumbuyoko, koma anthu mano ndi maso basi. Azakhali anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti "kodi mwana iwe umajambula ife kapena nyanja?" Mpaka lero pamaliro pakakhala poseka nkhani imeneyi imatuluka.

Chimachitika n'choti kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ikaona madzi ndi mchenga zikuwala kwambiri imachepetsa kuwala, ndiye khungu lathu lakudali ndi lomwe limavutika. Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa +/-. Kadinizeni uku mukutembenuza kagudumu kosinthira manambala (osati ka Av kaja) mpaka nambala ifike pa +1, jambulani, onani nkhope, ikakhala idakali yakuda onjezerani pang'ono. Nyanja iyera mopitirira inde koma wolipira ndi munthu osati nyanja. Njira ina dzutsani ka fulashi kapamwamba kaja ngakhale ndi masana, anthu amadabwa koma kamachotsa mdima wa m'maso ndi pansi pa chipewa, bola muime pafupi, mamita awiri kapena atatu, kupitirira apo kalibe mphamvu. Dziwaninso kuti fulashi ikadzuka makamera ambiri oyambira shutter, yomwe ndi liwiro lomwe kamera imatsegula n'kutseka polowetsa kuwala, siyipitirira 1/200 ya sekondi, ndiye padzuwa ikani ISO (nambala ya momwe kamera imamvera kuwala) pa 100 ndi f/11 apo ayi chithunzi chiyera chonse. Koma yachidule kuposa zonse, asunthireni pansi pa mtengo wa mango, mthunzi ndi waulere. Mukajambula dzifunditseni chitenje kapena jekete kumutu muone sikirini bwinobwino, kuoneka wopusa mphindi imodzi kuli bwino kusiyana ndi zomwe ndinaona ine. Mukamaliza bwezani ka +/- kaja pa 0, ine ndinaiwalaponso mawa lake zonse zinatuluka zoyera, kkkk.

Zotsalazi ndi zosavuta. Chithunzi chikamatuluka chogwedera onani shutter, pa 55mm isatsike pansi pa 1/100, kwa ana othamanga 1/500. Ngati lenzi yanu ili ndi kaswitchi ka IS kapena VR, kochepetsa kugwedera, kayatseni, zigongono zigunde m'nthiti. M'tchalitchi kapena madzulo kwezani ISO mpaka 1600 osaopa, bola chithunzi cha timadontho kusiyana ndi chogwedera. Focus sankhani kadontho kamodzi muike padiso.

Mchenga ndiye mdani, makamaka nthawi ya mwera. Osasintha lenzi pagombe, ndipo osapukuta galasi ndi malaya, kamchenga kamodzi kakanda mpaka kalekale. Uzirani kaye ndi kopopera mpweya kenako kansalu kofewa ka magalasi a m'maso. Nthawi ya dzinja chinyezi cha kunyanja kuno chimameretsa chuku mkati mwa lenzi, ndiye timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato musamataye, ponyani m'chikwama cha kamera. Memory card gulani mu shopu yoti mungabwererenso, ine ndinagulapo kwa mnyamata wina pa depoti yolembedwa 64GB motchipa mokayikitsa, itafika pena pake inangoyamba kudya zithunzi, kubwerera mawa lake mwini wake kulibe. Ma filter otchipa a pa Facebook aja asiyeni, amangochititsa chifunga.

Asodzi ndi amayi a pa thandala apempheni kaye musanawajambule, ena amakana ena amafuna ya fanta, n'chimodzimodzi inu wina atakupezani pantchito.

Ndalama ikadzapezeka gulani 50mm f/1.8, ndiyo yotchipa mwa ma lenzi abwino ndipo ya second hand imagwira bwinobwino, ingoiunikani ndi tochi ya foni muone ngati mulibe chuku. A Nikon ya D3000 kapena D5000 ndi abale ake onetsetsani kuti yalembedwa AF-S, ija ya AF-D ndi yotsika mtengo koma pa kamera zanuzo siyichita focus yokha, muzidzapotokola ndi dzanja.