Kabatani kopotokola pa makina ofungatira mazira: musafulumire kukataya

Masabata angapo apitawo ndinali pasukulu ina kunjira ya ku Katete, kumene ana a kalabu ya sayansi ya JETS akonza makina ofungatira mazira m'firiji yakufa. Ntchito yake yooneka bwino ndithu: kakompyuta kakang'ono ka Arduino Uno, kasikirini ka mizere iwiri, babu lotenthetsa ndi kafani. Koma mtsikana wina atapotokola kamodzi kokha kabatani kosinthira kutentha, nambala inalumpha kuchoka pa 37.5 kufika pa 37.9, kenako n'kubwerera pa 37.6. Aphunzitsi awo anapukusa mutu. "Alangizi, kameneka n'kabodza, tigule kena." Ndinawauza kuti asunge kaye ndalama zawo.

Kachipangizoka dzina lake ndi rotary encoder. Mumakadziwa, kungoti simunakaone ali maliseche: ndi kaja ka voliyumu pa wailesi ya m'galimoto, kamene kamazungulira osafika pothera, kakumveka kuti te, te, te pansi pa chala. Ambiri amakasokoneza ndi potentiometer ya mawailesi akale. Potentiometer ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo pamene mwaisiya ndi pomwe mudzaipeze. Encoder sadziwa nambala iliyonse. Chomwe amauza microcontroller, ubongo wa Arduino uja, ndi chakuti "ndasuntha phazi limodzi, cha uku." Kuwerenga mapaziwo, kuika malire ndi kukumbukira, yonseyo ndi ntchito ya inu olemba pulogalamu.

M'kati mwake muli timaswichi tiwiri tomwe sititseka nthawi imodzi. Mukapotokolera kumanja, koyamba kamatsogola, kachiwiri n'kutsatira. Mukabweza, kachiwiri ndiko kamatsogola. Pa kabolodi ka KY-040, kamene kamabwera m'makiti ambiri a Arduino, timaswichiti timatulukira pa mapini olembedwa CLK ndi DT. Pini ya SW ndi batani lodina mukakanikiza mutu wake, ndipo zotsalazo ndi + ndi GND.

Pa Uno lumikizani CLK ku pini 2, DT ku pini 3, SW ku pini 4, + ku 5V, GND ku GND. Amene mukugwiritsa ntchito bolodi la ESP32 m'malo mwa Uno samalani: + apite ku 3.3V, chifukwa mapini ake salola 5V. Kabolodika kali kale ndi marezisita a 10k pa CLK ndi DT, koma pa SW nthawi zambiri malo ake amakhala opanda kanthu, choncho pini 4 muilembere INPUT_PULLUP. Mukaiwala, batani lizidzidina lokha ngati mwalowa mzimu.

Kudziwa mbali n'kosavuta. Nthawi imene CLK watsika kuchoka pa HIGH (pali magetsi) kupita pa LOW (palibe), yang'anani DT. Akakhala HIGH onjezerani, akakhala LOW chotserani. Mukaona kuti zikuyenda chobwerera, sinthanitsani mawaya awiriwo basi.

Tsopano vuto la ana aja. Timaswichi ta m'katimo ndi tizitsulo, ndipo tikakhudzana sitikhazikika pomwepo. Timanjanja kaye kwa timamilisekondi tochepa, kugunda n'kusiya, kugunda n'kusiya. Chala chanu chamva te mmodzi, koma Arduino, amene amathamanga pa 16 MHz, waona anayi kapena asanu, ena n'kuwawerenga ngati obwerera. Mankhwala ake oyamba ndi kapasita. Tengani tiwiri tating'ono tofiirira tolembedwa 104, kamodzi muike pakati pa CLK ndi GND, kena pakati pa DT ndi GND, pafupi penipeni ndi encoder. Timapezeka pa mabolodi a mawailesi akufa kwa okonza mawailesi kumsika wa Kapata ku Chipata, simufunika kuitanitsa ku Lusaka. Achiwiri ali m'pulogalamu: mukawerenga phazi limodzi, gwiritsani ntchito millis(), yomwe imawerenga nthawi, kuti zonse zobwera m'mamilisekondi asanu otsatira zinyalanyazidwe. Ine ndimachita zonse ziwiri, chifukwa encoder akayamba kukalamba ndi fumbi la mu Okutobala kunjanjako kumachuluka.

Titaika makapasita, kulumpha kunatha, koma panatuluka china. Mnyamata wina atapotokola mothamanga, nambala inangosuntha kawiri. Apa wolakwa anali sensa ya kutentha, DS18B20. Imeneyi imatenga mamilisekondi mpaka 750 kuti ipime kamodzi, ndipo pulogalamu yawo inkaima n'kumaidikira. Pansi pake anali ataikanso delay(500), lamulo loimitsa pulogalamu theka la sekondi. Nthawi yonseyo encoder akugogoda pakhomo, mwini nyumba ali kudimba. N'chifukwa chake ndati CLK apite ku pini 2: pa Uno, mapini 2 ndi 3 ndiwo amagwira ndi attachInterrupt(), kutanthauza kuti Arduino amasiya chilichonse chomwe akuchita, n'kulemba phazilo, n'kubwerera kuntchito. M'kachigawo ka interrupt musadzazemo katundu. Musaikemo delay, Serial.print kapena zolemba pa sikirini. Onjezerani kapena chotserani nambala, tulukani. Nambalayo muilembere volatile poyambirira, apo ayi gawo lina la pulogalamu likhoza osaona kuti yasintha. Amene simufuna kudzivutitsa, mu Arduino IDE muli laibulale yotchedwa Encoder ya Paul Stoffregen yomwe imachita zambiri mwa izi, ngakhale ndimakonda kuti wophunzira ayambe walemba yekha kamodzi.

Pa mazira, kutentha musunge ngati nambala yathunthu, 375 m'malo mwa 37.5, ndipo kadonthoko muzingokaika poonetsa pa sikirini. Te mmodzi akhale 1. Ikani malire, tinene 350 pansi ndi 390 pamwamba, chifukwa encoder sakana. Mwana akamuseweretsa angafikitse kutentha pophika mazira, masiku 21 odikira anapiye n'kupita pachabe.

Nkhani ya malaiti nonse mukuidziwa. Akazima, Arduino amaiwala zomwe munasankha ndipo akayaka amayambira pa nambala yolembedwa m'pulogalamu. Uno ali ndi nkhokwe yotchedwa EEPROM ya mabayiti 1,024 yomwe simafufutika magetsi akachoka. Koma malo aliwonse m'menemo amapirira kulembedwa pafupifupi ka 100,000, ndiye musalembemo pa te aliyense. Munthu asankhe nambala yake, adine batani la SW, pamenepo ndiye musunge ndi EEPROM.put(), ndipo muziiwerenga mu setup().

Mawaya a encoder akhale aafupi ndipo asayende limodzi ndi a 230V opita ku babu. Rile, swichi yoyatsa ndi kuzimitsa babu, ikathetheka, mawaya aatali amatola phokosolo, nambala n'kusintha popanda woigwira. Mbali ya 230V ana asailumikize okha, pakhale mphunzitsi kapena wodziwa zamagetsi.

Musanaike dzira ngakhale limodzi, yesani motere, mutachotsa kaye malire aja kwakanthawi. Lembani kachizindikiro pamutu pa encoder, muzungulitse kamodzi kathunthu pang'onopang'ono mukuwerenga ma te. KY-040 ambiri amapereka 20, ena 30. Nambala ya pa sikirini isunthe mofanana ndi zomwe mwawerenga, ndipo mukabweza ibwerere pomwe inayambira. Ikamasuntha theka lake, encoder wanu ndi wa mtundu wofuna kuwerengedwa CLK akatsika komanso akakwera, choncho mu attachInterrupt() sinthani FALLING (kutsika kokha) kukhala CHANGE, ndipo mbali muziidziwa poona ngati CLK ndi DT akufanana kapena akusiyana. Bwerezani mothamanga, kenako zimitsani n'kuyatsanso. Kusukulu kuja tinabwereza katatu, mtsikana uja akuwerenga mokweza, ndipo ulendo wachitatu nambala inabwerera pa 37.5.