Poyesa Zatsopano ndi Nsinjiro

Kuno ku Mchinji mtedza susowa, choncho amene mukudziphunzitsa nokha kuphika yambirani pa nsinjiro. Musangotendera nkhwani ndi chisoso basi. Yesaninso nthochi zosapsa, mbatata ya kholowa ngakhalenso bowa wouma, koma muziyesera m'kapoto kakang'ono kuti zikakanika banja lisagone ndi njala. Musanasinje, sankhani mtedzawo mosamala ndipo mutaye wonse wachuku ndi wofota, chifukwa umawawa komanso umakhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Nsinjiro muzithira masamba atafewa, moto uli wochepa, ndipo muzitakasa pafupipafupi popeza zimapserera msanga pansi pa poto. Ine ndimakonda kukazinga mtedza pang'ono ndisanausinje, ngakhale ena amati ndiwo zake zimachuluka mafuta.