Mita ya gasi ikudya ndalama? Yambani mwaiyesa musanaiimbe mlandu

Dzinja likafika ku Britain, dandaulo la anthu amene ali ndi mita ya gasi yolipiriratu limakhala limodzimodzi: mwaika ndalama pa khadi dzana, lero mita yayamba kale kulira kuti zatha. Zimawawa, makamaka m'nyumba muli ana kapena okalamba. Ambiri amangoti mita ikuba. Mita yonama iliko ndithu, koma ndi yosowa. Kawirikawiri ndalamazo zimatulukira makomo ena amene mwini nyumba sanawaone, ndipo mukhoza kuwapeza nokha madzulo amodzi.

Choyamba dziwani kuti mita simayeza ndalama. Imayeza kuchuluka kwa gasi wodutsa, mu m³ (ma cubic metre), ndipo mapaundi amene mumaona pa sikirini ndi masamu ochokera pamenepo. Pa mamita ambiri pali batani lofiira lolembedwa A. Mukamalidina pang'onopang'ono mumaona zotsala, mtengo wa yuniti, ngongole ndi nambala ya gasi yense amene wadutsa. Nambala yomalizayi ndiyo mboni yanu.

Pa ndalama zimene mwaika pamadya pakamwa patatu gasi asanayake n'komwe. Pali standing charge, ndalama yokhazikika yomwe imadulidwa tsiku lililonse, kaya mwayatsa kaya ayi. Iyi ndi imene imapweteka anthu amene amasiya kuika ndalama m'chilimwe: miyezi inayi ija imaunjikana mwakachetechete, ndiye mukaika koyamba mu Okutobala, mita imayamba yatenga zake. Pali emergency credit, ndalama imene mita imakupatsani zanu zikatha, imene ambiri amaiiwala kuti ndi yobwereka ndipo imabwezedwa mukangoikanso. Palinso ngongole yakale imene kampani yokugulitsani gasi imadula pang'onopang'ono. Apa nditsindike: ngati mwangolowa kumene m'nyumba, musagwiritse ntchito khadi limene mwalipeza pawindo. Mukhoza kumalipira ngongole ya munthu amene simunamuonepo. Imbirani kampani tsiku lomwelo, muwauze nambala ya pa mita, akupatseni khadi lanulanu.

Onaninso ngati mtengo wa yuniti pa mita ukufanana ndi umene kampani inakulemberani. Ofgem, bungwe la boma loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, imasintha malire a mitengo miyezi itatu iliyonse, ndipo pa mamita akale a khadi mtengo watsopano umalowa pamene mwaikanso ndalama.

Tsopano kuyesa kwenikweni. Zimitsani zonse za gasi: boyila, chitofu, moto wa pabalaza, ngakhale kalawi kakang'ono kamene kamayaka usana ndi usiku pa maboyila akale. Jambulani nambala ya mita ndi foni, kuphatikizapo manambala ang'onoang'ono a kumapeto. Dikirani ola limodzi kapena awiri, mujambulenso. Ngati nambala yasuntha, mwina mita ili ndi vuto, koma mwinanso paipi ikutaya, ndipo chachiwirichi ndi choopsa kuposa bilu iliyonse. Mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo, musakhudze swichi ya magetsi, musayatse machesi, tulukani n'kuimba 0800 111 999. Nambala imeneyi ndi yaulere, imayankhidwa nthawi iliyonse.

Nambala ikakhala chete, yesani njira yachiwiri. Pezani mphamvu ya mbale imodzi ya chitofu m'kabuku kake, tinene kuti ndi 3 kW. Bandikani poto wamkulu wa madzi, yatsani mbale yokhayo mpaka kumapeto kwa mphindi 20, inu muli pomwepo. Pa mphindi zimenezo mbaleyo iyenera kudya pafupifupi 1 kWh. Popeza 1 m³ imapereka pafupifupi 11 kWh, mita isunthe pafupifupi 0.09 m³. Ikasiyana pang'ono musadabwe, chitofu si sikelo. Koma ikaonetsa kawiri kapena katatu kuposa apo, muli ndi chogwira m'manja. Amene amakonda masamu a pa bilu: chulukitsani m³ ndi 1.02264, kenako ndi calorific value (mphamvu ya kutentha ya gasiyo), imene imakhala cha m'ma 39 kapena 40, n'kugawa ndi 3.6 kuti mupeze ma kWh.

Ndimalangizanso kulemba nambala ya mita m'kope tsiku lililonse kwa sabata ziwiri, nthawi yofanana, n'kulemba pambali ngati kunja kunazizira kwambiri komanso maola amene hita inayaka. Kope limeneli limatsegula maso. Ambiri akaliwerenga amapeza kuti boyila imadzuka yokha mbandakucha onse ali m'bulangete, chifukwa wina anaitchera motero kalekale.

Ngati mukukayikabe, muli ndi ufulu wopempha kampani kuti mita iyesedwe mwalamulo. Amaichotsa, kuika ina, n'kutumiza yakaleyo kwa oyesa oima paokha. Ikapezeka yolakwa amakubwezerani zimene munalipira mopitirira. Ikapezeka yabwino akhoza kukulipiritsani, choncho funsani mtengo musanavomere. Nkhani ikatha sabata 8 osathetsedwa, pitani nayo kwa Energy Ombudsman, ofesi yoima payokha yoweruza madandaulo otere. Chimene sindingalole ndi kutsegula mita kapena kuitana mnzanu "wodziwa" kuti ailambalale. Ndi mlandu, ndipo nyumba zaphulikapo chifukwa cha zimenezi.

Mita ikapezeka kuti ilibe mlandu, maso atembenukire ku boyila, chifukwa gasi wochuluka amathera pofunditsa nyumba ndi madzi osamba, osati pophika. Thermostat, kachipangizo kotchera kutentha kwa m'nyumba, ikhale pakati pa madigiri 18 ndi 21. Kutsitsa digiri imodzi yokha kumaoneka pa mita. Ngati muli ndi combi boyila, ija yopanda thanki ya madzi otentha, tsitsani kutentha kwa madzi opita ku marediyeta kufika cha m'ma 60. Nyumba imachedwa pang'ono kufunda, koma boyila imagwira ntchito mosawononga. Amene muli ndi thanki ya madzi otentha musatsitse thankiyo pansi pa 60, kuopa tizilombo ta Legionella.

Gwirani rediyeta ndi dzanja. Ikatentha pansi koma pamwamba pali zii, muli mpweya; kakiyi kotulutsira mpweya ndi kotsika mtengo ndipo ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri. Sunthani sofa imene yatsamira rediyeta, chepetsani m'zipinda zosagonamo anthu, tsekani makatani dzuwa likangolowa, ikani chinsalu pansi pa chitseko cholowetsa mphepo. Koma timabowo tolowetsa mpweya pafupi ndi boyila kapena moto wa gasi musatitseke, ndipo musafunditse nyumba ndi uvuni. Carbon monoxide, mpweya wapoizoni umene umatuluka gasi akamayaka mosakwanira, ilibe fungo, imapha anthu ali m'tulo. Gulani alamu yake, ndipo aliyense wokonza boyila akuonetseni khadi la Gas Safe, losonyeza kuti ndi wovomerezeka kugwira ntchito za gasi.

M'chilimwe muziikabe kangachepe sabata iliyonse kuti dzinja likupezeni muli ndi poyambira. Ndipo zikakuthinani mpaka kumakhala mozizira, musachite manyazi kuimbira kampani. Malamulo a Ofgem amaikakamiza kukambirana nanu, kukupatsani yuniti zobwereka ndi kuchepetsa zimene imadula pa ngongole kuti zigwirizane ndi thumba lanu. Ngati m'nyumba muli khanda, wodwala kapena wokalamba, pemphani kulembedwa pa Priority Services Register, kaundula wa anthu ofunika chithandizo chapadera, ndi kwaulere, ndipo a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere, akhoza kukuthandizani kulankhula ndi kampaniyo.