Mawaya a gitala amafa asanaduke

Anthu ambiri amadikira kuti waya aduke kaye ndiye akagule ena, koma waya amayamba kufa kalekale asanaduke, ndipo poti amafa pang'onopang'ono khutu limangozolowera, umaona ngati gitala ikulira bwinobwino chonsecho mawu anatha kale.

Chomwe chimawapha kwambiri ndi thukuta ndi mafuta a m'zala. Yang'anani mawaya akuluakulu aja, E, A ndi D, ndi okulungidwa ndi kawaya kena pamwamba, ndiye litsiro limalowa m'timipata timeneto mpaka waya kumangolira ngati mwamuphimba ndi nsalu. Pititsani chala kunsi kwa waya, mbali yoyang'ana ku fretboard, thabwa lija lomwe mumadinapo mawaya. Mukamva kukhakhala kapena chala chikatuluka chakuda bii, basi nthawi yakwana. Pena mupeza waya waphwatalala ndendende pomwe amagunda ma fret (tizitsulo topingasa tija ta pa fretboard), ang'onoang'ono aja B ndi E achita dzimbiri.

China chomwe ine ndimadalira kuposa maso ndi tuning. Mwachuna bwino, kachipangizo kochunira kakuonetsa kuti zili bho, koma mukadina pa fret ya 12 mawu akupotoka, ma chord a kumtunda akumveka ngati akukangana. Musathamangire kunena kuti gitala yaonongeka, sinthani kaye mawaya muone.

Za masiku zimatengera munthu. Woimba tsiku ndi tsiku akhoza kusintha mwezi uliwonse, wongogwira apo ndi apo miyezi itatu kapena kuposa, ndipo pali anthu ena thukuta lawo ndi loopsa moti sabata ziwiri mawaya athetheka. Mawaya okutidwa ndi kachikopa kowateteza ku litsiro, ngati a kampani ya Elixir, amakhalitsa koma ndi odula. Oimba bass nkhani yawo ndi ina, James Jamerson, katswiri wa bass wa kampani yojambula nyimbo ya Motown ku America, ankakhala ndi mawaya omwewo zaka ndi zaka dala, amafuna mawu ogonthawo.

Waya mmodzi akaduka pomwe enawo ndi akale, sinthani seti yonse, apo ayi watsopanoyo azikuwa yekha pakati pa anzake otopa. Gulani saizi yomwe munali nayo, ngati inali 10-46 (manambala osonyeza kunenepa kwa waya wamng'ono ndi wamkulu) musadumphire seti yonenepa yoyambira 12 mwachisawawa chifukwa khosi la gitala limakokedwa mosiyana. Ndipo chonde mawaya achitsulo pa gitala ya nayiloni ayi, mutha kuzula bridge, pomwe mawaya amamangidwa pa thupi la gitala.

Ndinapusa ulendo wina, ndinasintha mawaya patatsala maola awiri kuti ndikwere pa steji, nyimbo iliyonse ndimachuna anthu akundiyang'ana. Atsopano amatamuka kaye, sinthani dzulo lake kapena dzana, muwakoke pang'ono ndi chala uku mukuchuna mpaka akhazikike, a nayiloni okha amatenga masiku angapo. Mukamaliza kuimba apukuteni ndi kansalu kouma, kunsi komwe.